Sipuloketi Yonenepa Inandigwetsa Pamaso pa a Tembo

Mpaka lero ndikamva tcheni cha njinga chikulira kuti khwee, mtima umandipweteka kuposa bondo lomwe ndinasupuka tsiku lija. Zonse zinayamba ndi a Tembo, loja wathu wochita lendi chipinda pakhomo pathu kuno ku Zengeza 4, amene anabwera ndi njinga yamagiya yonyezimira n'kuiimika pafupi ndi yanga.

Yanganso ndi yamagiya, koma yatopa. Sindikanadandaula zikanakhala kuti mkazi wanga, amake Chisomo, sanayankhulepo. Akuyanika zovala anangoti, “Njinga ya a Tembo ikamayenda simveka n'komwe. Zinazi umazimva zisanakhote pakona.”

Zinazi! Njinga yomwe inawanyamula ali ndi pakati pa Chisomo lero yasanduka zinazi. Nsanje inandigwira, sindibisa.

Ndinayamba kuizonda njinga ya a Tembo (ndinkanamizira kusesa pabwalo, ine amene sindidziwa komwe tsache limakhala). Ndinaona kuti sipuloketi yake, chitsulo chamano chija cha pa mapedulo, inali yochindikala bwino, pomwe yanga inali yopyapyala ngati chivundikiro cha poto. Ndinati eya, chinsinsi ndi chimenechi.

Ndinathamangira ku msika wa Makoni n'kusankha sipuloketi yonenepa kuposa zonse, yochokera pa njinga zija zopanda magiya zonyamulira buledi. Wogulitsa anaiyang'ana, n'kuyang'ana njinga yanga.

“Mudhara, iyi yakakora. Cheni yenyu yakatetepa, haipinde apa.”

Ankatanthauza kuti tcheni changa n'chopyapyala, mano onenepawo sangalowemo. Ndinamuyankha kuti andipatse katundu, malangizo asunge.

Mabowo a mabawuti anakana kugwirizana. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma ine ndinapita kwa wowotcherera zitsulo kukaboola ena. Njinga yanga ili ndi masipuloketi awiri kutsogolo, ndiye ndinasintha yaikulu yokha. Pobwerera kunyumba ndinayenda pa yaing'ono, osayesa n'komwe kusintha giya. Ndinkafuna kuti ulendo woyamba wa chitsulo changa ukhale ndi mboni.

Mboni zinapezeka Lamlungu. Amake Chisomo anali atavala bulauzi yoyera ya amayi a kumpingo, chifukwa ndiwo ankatsogolera nyimbo tsiku limenelo. Anakhala pa kaliyala yanga, a Tembo ali patsogolo pathu, akupalasa mosatekeseka ngati msewu ndi wa bambo awo.

Titafika poongoka ndinati, “Gwiritsitsani, amake Chiso, muone zinazi.”

Ndinakankha giya. Tcheni chinakwera pa sipuloketi yatsopano, koma m'malo mokhala m'mano chinangoyandama pamwamba pake. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse. Khwee! Chinatsetsereka n'kukapanikizika pakati pa zitsulo ziwirizo, mapedulo n'kuuma gwa. Ine ndinatsakamuka pa chishalo n'kukakhalira nsimbi yapakati, chitsulo chopingasa chija (abambo amene mukuwerenga mwamva kale ululu wake), handulo inapotoka, tonse awiri thi! m'ngalande. Ndipo mukudziwa madzi amene amayenda m'ngalande zathu kuno paipi ya zonyansa ikaphulika.

Kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, yomwe inkadutsa anakuwa kuti, “Mhamha, huyai mukwire, mota yenyu yafa!” Ankawaitana amake Chisomo kuti akwere, ati galimoto yawo yafa. Anthu m'kombimo anafa nalo phwete.

Amake Chisomo anadzuka. Anangoyang'ana bulauzi yawo, kenako ine. Kuyang'ana kumeneko kunandiwawa kuposa nsimbi ija.

A Tembo anabwerera, anatidzutsa, n'kuwerama kuyang'ana njinga yanga.

“Achimwene, chitsulo chonenepa chonchi mwachitenga kuti? Tcheni cha magiya chimafuna mano opyapyala.”

“Nanga yanuyo si yonenepa?” ndinafunsa mokwiya.

Anagogoda sipuloketi yawo ndi chala. Inalira kuti pho pho. Inali pulasitiki yotchinga kuti buluku lisade ndi girisi. Kuseri kwake kunali kachitsulo kopyapyala ngati kanga komwe ndinachotsa ku Makoni.

Nthawi inali itatha, ndipo nyimbo sizikanayamba popanda mwini wake. A Tembo anawanyamula amake Chisomo kukasintha zovala, kenako n'kukawatula ku tchalitchi. Ine ndinatsala ndikukankha njinga, ndikuonerera mkazi wanga atagwira malaya a loja, njinga yake osamveka n'komwe.

Sipuloketi yopyapyala ndinabwezeretsa, ndipo magiya akusintha bwinobwino. Koma Lamlungu lililonse amake Chisomo amati, “Inu tsogolani, ine ndikwera kombi.” Kaliyala yanga imapita yopanda munthu. Ndaphunzira, ndithu ndaphunzira. Kungoti sabata yatha a Tembo agula chishalo chatsopano, chotakata bwino, ndipo ndayambanso kusesa pabwalo.