Zionetsero za Dzina la Bambo

Lolemba

Zakwana! Loweruka kuli zionetsero pano pa Kamwendo, ndipo mtsogoleri ndine.

Buku lija analemba malemu aphunzitsi a kwa Zulu, la dalaivala wa thiraki yopita ku Zambia, aliyense kuno amadziwa kuti dalaivalayo ndi malemu Bambo anga. M'bukumo ndi munthu wopemphera, mowa salawa, amafika kunyumba ndi shuga ndi nsapato za ana. Tsopano a TV alisandutsa sewero la madzulo aliwonse, ndipo dzulo amupatsa mkazi wachiwiri ku Chipata. Mkazi wachiwiri!

M'mawa uno mayi wina akusankha chitenje m'shopu mwanga, akundiyang'ana cham'mbali, kenako akuti, "Kani muli ndi abale ku Chipata?" Mtima ukundiwawa. Bambo sangadziyankhire, ndiye ndiwayankhira ine.

Zofunika:
- makatoni olembapo
- penti wofiira
- anthu okwiya
- wina wodziwa kuyambitsa nyimbo

Ndatsegula gulu pa WhatsApp. Anthu akulowa ngati amva kuti kuli phwando.

Lachiwiri

Gulu ladzaza. Ndafunsa kuti amene anawerenga bukuli ndani. Tilipo ine ndi Esnati, mnzanga wophunzitsa ku pulayimale, amenenso akuvomera kuti analekera pakati. Koma maganizo aliyense ali nawo:
- buku ndi labwino kuposa TV (sanawerenge)
- TV ndi yabwino kuposa buku (sanawerengenso)
- kodi kudzakhala matisheti?
- wina akugulitsa soya

Dalaivala wina wa pa boda ya Zambia walemba kuti, "Mkazi wa ku Chipata uja ndi wokongola, musamuchotse." Ndachotsa iyeyo.

Amayi sindinawauze. Amadwala BP, nkhani yotere ingawagwetse. TV ya kunyumba ndaizula mawaya, ndawauza kuti yapsa.

Lachitatu

Esnati, pofuna kuthandiza, waika uthenga wanga pa Facebook. Akuti unatalika, ndiye wadula pamwamba ponse pamene pamanena za buku. Pangotsala kuti, "Loweruka zionetsero pa Kamwendo, tatopa ndi mabodza!"

Basi moto wabuka. Anthu a ku Mzuzu ndi a ku Joni, osadziwa n'komwe kuti Kamwendo ili kuti, akutukwanizana pa dzina langa. Ena akuti ndatumidwa ndi otsutsa boma. Ena akuti ndatumidwa ndi boma kuti ndisokoneze otsutsawo. Wina wafukula chithunzi changa chakale, akuti duku ndavalalo ndi la mtundu wa chipani. Ndi duku la kwaya, abale!

Ndalemba mofatsa kufotokoza kuti nkhani ndi ya buku. Wayankha mmodzi yekha: "Musaope mayi, nenani zoona, tili pambuyo panu."

Lachinayi

A Banda a golosale yoyandikana ndi shopu yanga abwera chipewa chili m'manja. Akuti amalonda agwirizana kuti Loweruka atseka, chifukwa mawu oti zionetsero akangomveka, katundu amamera miyendo. Iwo shuga ndi mafuta ophikira asamutsira kale kumudzi kwa Kapondo, pa ngolo. "Ife tili nanu limodzi, mayi, koma tidzakhala kunyumba."

Atachoka ndayang'ana zitenje zanga. Ndazimanga zonse m'matumba, ndazitumiza kunyumba pa kabaza. Mtsogoleri wa zionetsero kubisa katundu poopa zionetsero zake zomwe!

Masana kwabwera apolisi, mwaulemu ndithu. Ndawafotokozera zonse, za buku, za Bambo. Akumvetsera, akugwedeza mitu. Potuluka wamng'onoyo akundinong'oneza kuti, popeza ndinawerenga, kodi mkazi wa ku Chipata uja adzabereka?

Lachisanu

Otuluka m'gulu lero:
- anyamata a kabaza (akuti ntchito imakoma anthu akamathawa)
- amayi a kwaya (abusa aletsa ndale)
- woyambitsa nyimbo (chimfine)

Wa soya akadalimo.

Penti wofiira palibe, wogulitsa penti watseka kale. Ndalemba ndi makala: BAMBO ANALI NDI MKAZI MMODZI. Esnati akuti ndiwonjezere kuti bambo ake a ndani, koma katoni yatha.

Amayi sabata ino madzulo aliwonse akumapita kwa aneba, ati kukabwereka mchere. Amachedwa, ndipo amabwerako opanda mcherewo. Ndatopa, sindifunsa.

Loweruka

Kamwendo zii! Mashopu otseka, minibasi zikudutsa osaima. Ndaima pa siteji ndi katoni yanga, Esnati wandigwirira ambulera. Wa soya wabwera, ndi soya wake. Mbuzi yaima nafe kanthawi, koma cholinga chake chinali katoni. Madalaivala a mathiraki akuliza hutala, kaya akugwirizana nafe kaya tawatsekera njira.

Dzuwa litaswa mtengo tabalalika mwamtendere.

Kunyumba ndapeza Amayi ali pa mkeka pakhonde. Awerenga katoni pang'onopang'ono, chala chikutsata makala, kenako akuti, "Iwe, Kamwendo yonse yatsekera zimenezi?" Aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine sindikuona choseketsa.

Lamulungu

Ku tchalitchi a Banda andipatsa moni wa patali.

Madzulo Amayi akuti ndilumikize mawaya aja, atopa ndi mchere wa aneba. Kani amadziwa. Ndalumikiza, ndati, "Amayi, anthuwa akuwanamizira Bambo."

Maso awo ali pa TV. "Mkazi wa ku Chipata uja dzina lake Belita. Pa maliro anabwera, anakhala kumbuyo, ndine ndinamupatsa madzi osamba. Aphunzitsi aja sanamulembe m'buku pondimvera chisoni. A TV anafunsa madalaivala anzawo a bambo ako, amenewo chisoni alibe."

Ndakhala pansi pambali pawo.

"Mwamuna wa m'buku uja ine sindinakhale naye," akutero Amayi. "Koma uyu, taona akukhosomolera pakhomo asanalowe. Ndi bambo ako enieni, ndipo ndinawasowa."

Ndayang'ana. Dalaivala watsika thiraki, waima pakhomo, wakhosomola kawiri. Ndi momwemo ndithu, momwe tinkathamangira kukalandira nsapato. Ndalira, ndipo Amayi andisendezera mkeka kuti ndikhale bwino.

Katoni ija aiyala m'khola pansi pa nkhuku yofungatira, mawu ayang'ana pansi. M'gulu ndatulukamo, wa soya ndiye adimini tsopano. Mawa ndimasula zitenje.

Ndafunsa ngati a Belita anali ndi ana. Amayi akuti ndikhale chete, sewero silinathe.