Khola lomwe ndinamangira hatchi ndisanaione

Mpaka lero ndikaona hatchi, ngakhale yojambula pa kalendala, ndimayang'ana kumbali. Ana anga amaganiza kuti ndi mantha. Ayi, ndi manyazi.

Masiku amenewo, aliyense akuyenda ndi khadi la chipani m'thumba, ndinali kalipentala pa esiteti ina ya ng'ombe cha kwa Katunga. Ndinali ndisanakwatire, pensulo sinkachoka pakhutu, ndipo ndinkadzimva ngati matabwa onse a m'Chikwawa amandidziwa dzina.

Lolemba lina bwana wathu, mzungu amene ankayang'anira esitetiyo, anandiitana. Anati dona wake wagula hatchi, ibwera pa lole Loweruka, ndiye ndimange khola.

"Hatchi umaidziwa?" anandifunsa.

"Kwambiri, bwana."

(Ndinali nditaionapo kamodzi, m'buku la kusukulu, ndipo inali yochepa kuposa chala changa chachikulu.)

Bwana atanyamuka ulendo wa ku Blantyre, ndinakhala pansi n'kuganiza. Ndinapeza kuti hatchi ndi bulu basi, kungoti woleredwa bwino. Choncho ndinatenga tepi n'kukayeza bulu amene ankakoka ngolo ya madzi. Ndinawonjezera phazi limodzi mbali zonse, poti inali nyama ya dona, yofunika ulemu.

Lachitatu ndikukhoma mapaso, panafika a Joakimu, bambo wachikulire amene ankatchetcha udzu pabwalo la bwana. Anabwera kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo, ndipo kumeneko anasamalapo hatchi za Apwitikizi zaka zambiri. Anazungulira kholalo kawiri, chikwakwa chili paphewa.

"Amisiri, iyi ndiyo nyumba ya kavalo?" anafunsa m'Chimang'anja chawo chosakaniza ndi Chisena. "Nkhabe, siyikwana. Kavalo amagona pansi, amagubuduzika. Yezani mapazi khumi ndi awiri uku, khumi ndi awiri uku. Denganso kwezani."

Pafupi panali amayi akutunga madzi, ndipo mmodzi mwa iwo ndinkamufuna. Ndiye ndinayankha mokweza kuti onse amve: "Madala, inu tchetchani udzu. Za tepi tisiyireni ife tinaphunzira."

Amayi aja anaseka. A Joakimu anangoti, "Chabwino, amisiri," n'kubwerera ku udzu wawo.

Loweruka lole inafika. Atatsitsa chitseko chakumbuyo, ndinasuzumira m'katimo. Chinyama chimenecho! Msana wake unali pamphuno panga, khosi ngati mtondo, ndipo chikapuma fumbi linkauluka. Bulu wanga uja akanatha kubisala mvula pansi pa mimba yake.

Munthu wanzeru akanavomera pomwepo. Ine ndinatsegula chitseko cha khola monyadira ngati ndikulandira mkwatibwi. Hatchi inaweramitsa mutu n'kulowa, nthiti zikukhula matabwa mbali zonse, mchira utatsala panja.

"Kodi si laling'ono ili?" anafunsa dona.

"Zimazolowera, dona," ndinatero ine, katswiri wa hatchi.

Inazolowera mpaka cha m'ma leveni koloko. Dzuwa la kwathu kuno mukulidziwa, ndipo denga linali la malata, lotsika. Hatchi inatopa, inapinda miyendo n'kugona. Kenako inafuna kugubuduzika, monga momwe a Joakimu ananenera. Inatembenuka theka, miyendo inayi n'kutsamira khoma, msana pansi. Kudzuka ayi, kubwerera ayi. Inayamba kupalapata n'kulira kulira kwina komwe sindinamveponso.

Dona anafuula dzina langa. Ndinathamanga n'kuigwira mchira kuti ndiikoke. (Musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani.) Inaponya mwendo, mwendo unamenya thabwa, thabwa linamenya ine, ndipo ndinakapezeka nditakhala m'chomwera madzi, miyendo m'mwamba ngati hatchi yomweyo. Amayi otunga madzi aja analipo. Amene ndinkamufuna uja anadzakwatiwa ndi dalaivala wa thirakitala.

Amene anapulumutsa zinthu ndi a Joakimu. Anavula malaya awo n'kuiphimba kumaso, akuilankhula pang'onopang'ono m'Chipwitikizi mpaka inasiya kupalapata.

"Amisiri, gumulani khoma ili. Msanga!"

Ntchito ya masiku asanu ndinaigwetsa pa mphindi zochepa. Hatchi inadzuka ikunjenjemera, koma mwendo wakumbuyo unali ukuchucha magazi. Msomali wanga unali utang'amba pamwamba pa chiboda, bala lakuya.

Zoseketsa zathera pamenepa.

Bwana atabwera anatiimika pakhonde, ine ndi a Joakimu. "Miyeso imeneyi unaitenga kuti?" anandifunsa.

Ndinaganiza za ntchito yanga, ndi kanyumba ka pa esiteti komwe ndinkakhala ndi mayi anga. Pakamwa panangotuluka kuti, "Ndinakambirana ndi a Joakimu, bwana, poti ndiwo odziwa za hatchi."

Mwaona? Kukambirana tinakambiranadi. Ndinangosiya kunena amene ananena chiyani.

Ndinkayembekezera kuti atsutsa. Koma munthu wochokera kutsidya, wopanda mapepala, masiku amenewo sankakweza mawu, poopa kufunsidwa mafunso ena. A Joakimu anandiyang'ana kamodzi, n'kuvala chipewa chawo. Tsiku lomwelo anachotsedwa ntchito.

Ine ndinamanga khola lina, mapazi khumi ndi awiri mbali zonse, denga lokwera, ndipo bwana anandiyamikira kuti ndili ndi mutu. Hatchi sinakhalemo nthawi yaitali. Bala linatukusira ndi kutentha, panalibe wodziwa kulisamala, ndipo mwezi usanathe bwana anaiwombera kuseri kwa dibi la ng'ombe.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanalimbe mtima. Nditamva kuti a Joakimu akukhala kwa mwana wawo wamkazi cha kwa Malemia, ndinakwera sitima n'kukawapeza. Anali pakhonde akuluka mkeka, maso atayamba kuchita khungu. Ndinakhala pansi n'kuwauza kuti ndine ndani. Mawu opepesa ndinali nditawakonza njira yonse, ndipo ndinawanena onse, osasiyako.

Anamvetsera osasiya kuluka. Nditamaliza anati, "Takhuta, zikomo amisiri, mwachita bwino kubwera. Zija zinapita." Kenako anaika mlaza pansi n'kutembenukira kwa ine. "Koma ndiuzeni. Kavalo uja anachira mwendo?"

Ndinayang'ana nkhope yawo. Inali yowala ngati ya munthu amene akufunsa za mwana wake wa kutali.

"Anachira, madala," ndinatero. "Ankathamanga bwinobwino."

"Eya," anatero akumwetulira. "Ndinadziwa. Anali wamphamvu yule."

Ndinapita kwa Malemia kukafufuta bodza limodzi, ndinabwerako ndi awiri. Loyambalo ndikudziwa kuti ndinalakwa. Lachiwirili ndakalamba nalo, ndipo sindinadziwebe.