Nkhondo ya Juzi ya a Flywell

Tchereni khutu, inu a Area 25 ndi midzi yonse yopuma utsi wa Kanengo, mumve za chaka cha 2005, nyengo imene foni inali yolemera ngati njerwa, ndipo wokufulasha kawiri ankayesedwa wachikondi chozama. M'chaka chimenecho chisanu cha Juni chinatsika ndi ukali, ndipo pakhonde la Mayi Agatha Gwanda, likulu la gulu la amayi oluka la Tilukenawo, panabuka nkhondo.

Gululi linkagula majuzi akutha pa kaunjika, n'kuwaphwasula kuti ulusi wake ulukidwe zipewa za makanda. Lamulo lake linali limodzi: juzi imene bowo lake lilowa chibakera, iphwasulidwe; imene chibakera chikana, isokedwe. Wogwira lamuloli anali Nafisa, Mkango wa Dengu, Namasula wosabwerera, mkazi wa timanja tating'ono amene ankasandutsa juzi ya munthu wamkulu mipira isanu ya ulusi tiyi asanazizire.

Lachitatu lina, Mayi Gwanda, apampando osagonja, anaika padengu juzi yobiriwira ya amuna awo, a Flywell, alonda a pa geti ina ku Kanengo, kuti aisoke pachigongono. Asanatole singano kunabwera uthenga wa maliro, ndipo anakwera minibasi ya ku Dedza osasiya mawu. Nafisa anaipeza juziyo, analowetsa chibakera pabowo, chinalowa, ndipo anachita ntchito yake ndi mtima woyera.

Patatha masabata awiri apampando anabwera. Juzi inali itasanduka zipewa zisanu ndi ziwiri, zitatu zili kale pamitu ya makanda kusikelo.

"Amayi inu," anatero Mayi Gwanda ataimirira pa sitepe yapamwamba, "juzi ija inaona ukwati wanga. Inapirira mvula zisanu ndi zinayi pageti. Lero bambo akupita kuntchito atafunda chitenje changa cha Chigwirizano cha amayi a kumpingo, anyamata a minibasi akuwaitana kuti masteni. Wochita zimenezi atule singano zake pano, aiwale njira ya khonde lino."

Singanozo zinali za gulu, ndipo kunja kwa khondeli Lachitatu la Nafisa linali kuchapa ndi kumvera wailesi ya aneba. Anaimirira, nakonza mpango wake ngati chisoti cha nkhondo.

"Apampando, ine ndinatsata lamulo. Chibakera chinalowa."

"Chibakera chanucho, cha ngati nthudza? Changa sichikanalowa."

"Lamulo silinena kuti cha ndani."

Khonde linagawanika. A manja aakulu anakhamukira kwa apampando, a manja aang'ono kwa Nafisa, ndipo Olipa mlembi, wa manja apakatikati, anayang'anitsitsa chibakera chake osadziwa kolowera.

"Chabwino," anatero Nafisa modekha. "Bweretsani bowolo tiliyese tonse."

Amayi khumi ndi awiri anayang'ana zipewa zinayi zotsala, kufunafuna kumene bowo linapita, pakuti ulusi unalipo koma umboni unali utasowa. Mlandu wopanda bowo unakanika kuzengeka, ndipo Olipa analengeza pangano: zipewa zinayizo ziphwasulidwe, Nafisa alukenso juzi, singano akhale nazo.

Koma masamu a ulusi ndi ankhanza. Juzi yobala zipewa zisanu ndi ziwiri siibwerera ndi zinayi. Chimene chinatuluka chinali chopanda mikono, cholekeza pamwamba pa mchombo.

Mtendere unakondwereredwa Lachitatu lotsatira ndi Sobo wosungunula kwambiri ndi mandasi odula pakati. A Flywell anaitanidwa, anavekedwa chovalacho pamwamba pa yunifomu, amayi akululutira. Anaima ngati mfumu yolandidwa dziko, mimba ili pamphepo.

"Zikomo, amayi," anatero. "Koma mikono ija ndiye inkafunika."

Apampando ndi Nafisa anagwirana chanza. Ali chigwirire, maso a Nafisa anagwa pa mabowo awiri otulukira mikono ya a Flywell, aakulu moti ngakhale chibakera cha apampando chikanalowa. Zala za Nafisa zinayamba kupindika zokha kukhala chibakera.

A Flywell anaona. Anasiya ndasi lawo, nafumbata m'khwapa zonse ziwiri, ndipo anayenda chotero mpaka pa siteji.