A Tionetseni Sankakhulupirira Nkhope

Mumsewu wathu uno munali bambo wina amene sankakhulupirira nkhope ya munthu. Tinkawatchula kuti a Tionetseni, chifukwa m'malo mopereka moni ankangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Tionetseni chiphaso." Ankagulitsa maloko, misomali ndi utoto mushopu yoyandikana ndi yanga. Ine ntchito yanga ndi yometa anthu, ndipo bambo amenewa ndawameta kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu. Koma tsiku lina nditangochotsa ndevu zanga, anaima pakhomo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwini wake wa pano ali kuti?"

"Aaa, achimwene, si ine ndemwe?"

"Aliyense amatero. Tionetseni."

Ndinatulutsa chiphaso, anzanga, m'shopu yanga yomwe.

Khalidwe limeneli silinangowagwera ngati chimfine. Kale mng'ono wawo wa bere limodzi anang'amba cheke pakati pa bukhu lawo la macheke, pamene munthu sangazindikire msanga, n'kuphunzira siginecha yawo. Kenako anatenganso chiphaso chawo n'kukakongola ndalama m'dzina lawo. Shopu yawo yoyamba inapita choncho. Mkazi wawo atamwalira, anatsala ndi chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, mwana wawo wamkazi. Ankamukonda koopsa, koma kukayikira kwawo kunkamukankhira kutali pang'onopang'ono, ife tikuona.

Ankakonda kunena kuti, "Wakuba wa mpeni amakulanda ndalama. Wakuba wa cholembera amaba iwe wemwe, n'kukusiya ukuyenda."

Ndiye pepala lililonse lokhala ndi dzina lawo linali mdani. Akamatseka shopu ankasonkhanitsa malisiti ndi maenvulopu a kubanki m'chitini cha utoto, n'kuyatsa kuseri. Utsi wonse unkathera kwa ine. Makasitomala anga ankalowa akununkhira sopo, n'kutuluka akununkha ngati angozimitsa moto. Ndikadandaula ankati, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, si ndiwe wometa?"

Polemba cheke ndiye kunali ntchito. Sankasiya mpata ngakhale wolowa nyerere pakati pa mawu, ndipo akamaliza ankajambula mzere mwamphamvu mpaka pepala kung'ambika. Izo zinali zanzeru. Misala inayamba pamene anaganiza zosintha siginecha mwezi uliwonse kuti mbava zisaizolowere. Mwezi uno ili ndi mchira, mwezi wamawa ili ndi nyanga. Tsiku lina ndinawaperekeza kubanki. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana cheke, anayang'ana pakompyuta, n'kupukusa mutu.

"Bambo, siginecha iyi si yanu."

"Eyaa!" anatero a Tionetseni akundigunda ndi chigongono. "Wamva? Ngati a banki yawasokoneza, nanga mbava?"

"Koma ndalama sitikupatsani, bambo."

"Ukugwira ntchito bwino, mwana wanga. Usadzasinthe."

Anabwerera chimanjamanja, akumwetulira ngati apambana mlandu. Sabata imeneyo ndinawadyetsa ndine.

Koma musawaone ngati chitsiru. Kathyali wina anawaimbira foni ali pampando wanga, akuti ndi wa kubanki, akufuna nambala yachinsinsi kuti akonze akaunti. A Tionetseni anandikodola kuti ndizimitse makina.

"Zikomo kwambiri, bwana, dikirani ndiifune. Kodi kwanuko mvula ikugwa?"

Anamuyendetsa munthuyo ngati mbuzi ya pachingwe. Anamuwerengera masaizi a misomali, kenako nambala ya nsapato yawo, kenako anati magalasi asowa. Mpaka mayunitsi a wakubayo anatha. Atatseka foni anati, "Banki siyifunsa nambala yako. Wofunsa nambala ndi wanjala."

Inenso anandipulumutsapo. Bambo wina wovala suti anabwera Lachisanu madzulo kudzagula mipando yanga iwiri yakale, galimoto ili panja ikulira, cheke chili m'manja. A Tionetseni anatulukira ngati anamva fungo. "Cheke cha Lachisanu madzulo chimabwerera Lolemba m'mawa. Mipando itsale kufikira ndalama zitalowa." Wa sutiyo anati akukatenga kanthu m'galimoto, ndipo mpaka lero akukatengabe. Wakutsina khutu ndi mnansi, zoonadi.

Vuto linali lakuti chipata chimene anatsekera mbava anatsekeranso mwana wawo. Mtsikanayo anakula, anaphunzira unamwino, n'kukagwira ntchito kutali. Akaimba foni, mafunso ankayamba moni asanathe.

"Bambo, ndine."

"Ndine ndani? Mwana wanga ali ndi chipsera pati?"

"Pabondo lakumanzere, bambo. Tsiku lililonse?"

Poyamba ankaseka, kenako anayamba kutopa. Ndiye tsiku lina kunabwera uthenga kuchokera pa nambala yachilendo: akuti ndi mwana wawo, ali m'chipatala, ndi woyembekezera ndipo mimba yamuvuta, foni yake yatayika, bambo abwere msanga. A Tionetseni anandionetsa uthengawo monyadira. "Taona ukathyali wake! Nambala yatsopano, chipatala, changu. Zizindikiro zonse zakwana." Ndinawauza kuti angoimbako kuti amve mawu. Anakana, n'kuzimitsa foni.

Anali mwana wawo ndithu. Anapulumuka, khanda linapulumukanso, koma mtima wake unasweka. Anasiya kuimba. A Tionetseni akamuimbira, foni inkangoitana. Zaka zinadutsa. Basi ikaima pakona, ankatuluka m'shopu ngati akukonza maloko a pawindo, maso ali kwa otsika. Tsiku lina ali pampando wanga anafunsa chapansipansi, "Koma ndinachita bwino, eti? Zikanakhala mbava?" Ine ndinangoyatsa makina.

Kenako anayamba kuwonjeza. Ankafunsa chiphaso kwa munthu amene wangowaonetsa kumene. Anakhoma loko pamwamba pa loko, n'kutaya makiyi onse. Msewu wonse unkaseka kuti a Tionetseni afika pena. Tsoka silinunkha, anzanga. Sanali masewera, mutu unali utayamba kuiwala. Ndinazindikira tsiku limene anandifunsa njira ya kunyumba kwawo. Ndinafunafuna nambala ya mwana uja mpaka ndinaipeza, ndipo anabwera sabata yomweyo, atagwira kamtsikana kake padzanja.

Anawapeza atakhala kuseri kwa kauntala. Anagwada pambali pawo misozi ili mbwee.

"Bambo, ndabwera."

"Tionetseni chiphaso."

Anaseka m'misozi momwemo, n'kutulutsa. Iwo anachitembenuza, anachiyang'ana padzuwa, anawerenga dzina pang'onopang'ono. Kenako nkhope inasintha.

"Mayi, chiphaso ichi mwachitenga kuti? Ili ndi dzina la mwana wanga. Mwana wanga ndi wamng'ono, ali kusukulu. Mwamubera dzina!"

Anawaonetsa chipsera cha pabondo. Sanayang'aneko n'komwe. Ine ndinatuluka, ndinakalirira m'shopu mwanga ngati mwana.

Mwana wawoyo sanabwererenso kuntchito. Anakhala nawo mpaka mapeto, akuwasambitsa, akuwadyetsa, akuwamwetsa mankhwala. Iwo ankamulemekeza ngati mlendo, ankamutcha anamwino, ndipo akalowa m'chipinda ankabisa bukhu la macheke pansi pa pilo. Iye anasiya kulimbana nazo, ankangovomera kuti, "Wawa, bambo." Kutatsala pang'ono kuti atisiye, ndinapita kukawameta kunyumba. Anagwira dzanja la mwana wawoyo n'kunena kuti, "Anamwino, inu ndinu munthu wabwino. Mukadzakumana ndi mwana wanga, mudzamuuze kuti ndikanabwera kuchipatala kuja. Sindinadziwe kuti anali iyeyo."

"Ndidzamuuza, bambo," anatero. "Ndipo adzamva."

Tsopano shopu ija muli anthu ena, akugulitsa zovala. Mwezi watha mayi wogulitsa nsalu pakona anapereka nambala yake yachinsinsi pafoni, akaunti yonse inasesedwa, ndipo panalibe woti atulukire kudzamuletsa. Mumsewu muno timangolonjerana, timakhulupirirana nkhope, ndipo sindikudziwa ngati tapindula kapena taluza. Ndimawasowa, anzanga, ndimawasowa kwambiri. Mwana wawo amadutsa pano nthawi zina popita kumanda. Amaima pakhomo panga, timacheza za mitengo ya zinthu, kenako amandifunsa funso lomwelomwelo, ngati ndikuganiza kuti tsiku lowameta komaliza lija bambo ake anamuzindikira ngakhale pang'ono. Ndimamuuza kuti sindikudziwa, chifukwa mwana wa bambo amene uja sungamunamize.