Ndevu za Khonje za a Zakeyo

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo iwe Tiyese usiye kuseka mphuno ya mnzakoyo, utchere khutu.

Kale pa Kamwendo pano, fodya akatha kugulitsidwa, kunkachitika chisangalalo cha nyimbo za akauboyi. Oimba ankabwera pa lole ndi magitala ndi vayolini, n'kumangirira zokuzira mawu pabwalo la mpira. Tinkavina awiriawiri, mwamuna kumuzunguza mkazi mpaka fumbi kuti koboo! Tinalinso ndi mwambo wathuwathu. Nyimbo yomaliza ikamalira, mwamuna ankapereka chipewa chake kwa mkazi amene wamufuna. Akachivala, basi, ankhoswe akonzeke. Akachibweza, kalire kwanu.

Ndiye panali a Zakeyo, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi khonde limene ine ndinkasokerapo. Munthu wa mtima wabwino ngati ameneyo sindinamuonenso, ndipo pogwira ntchito sankatseka pakamwa, kumangoimba. Koma nkhope, abale inu! Mphuno inakhotera kumanzere, makutu ngati zivundikiro za mapoto. Eni ake ankadziwa, n'chifukwa chake zaka zisanu ankangomuyang'anira patali Esinati, mayi wamasiye amene ankakazinga zitumbuwa pambali pawo.

Chaka chimenecho kunamveka kuti a Fositino, kalaliki wosalala wa ku esiteti, agula chipewa chenicheni cha ku Joni choti akamupatse Esinati. A Zakeyo anafika pakhonde langa atagwira mutu.

"A telala, akanditengera ameneyu, ine ndatha."

"Pitani mmene mulirimu, mukamupatse kapusi yanuyo," ndinatero.

"Ndi nkhope inoyi? Iyayi. Ndiibisa."

Anaibisadi. Chipewa anadula ku katoni, n'kuchipaka polishi wakuda. Kuphazi anavala majombo, ndipo poti akauboyi a m'kanema amakhala ndi tizitsulo kuzidendene, iwo anamangako timagiya ta njinga, mano ali psa. Ndevu anapota za khonje, n'kuzimata ndi guluu womatira machubu. Atatha anandifunsa kuti akuoneka bwanji.

"Mukuoneka... osiyana," ndinatero. Mulungu andikhululukire.

Tsiku lija dzuwa linali loswa mtengo. A Zakeyo analowa m'bwalo akuti ngwee, ngwee, ana akuthawira kumbuyo kwa amayi awo. Anaona a Fositino akumuzunguza Esinati, mtima unawawa, iwonso anayamba kudzizunguza okha pafupi pomwepo kuti aoneke. Nyimbo yoyamba, polishi anasungunuka n'kuyenderera m'masaya. Yachiwiri, chipewa chinanyowa ndi thukuta, n'kugwetsa mapiko. Yachitatu, ndevu ya kumanja inamatuka, ikungolendewera.

"A Zakeyo, khalani pansi!" ndinakuwa.

Angamve? Woimba atalengeza kuti tsopano ndi nyimbo yomaliza, iwo anati aonetse sitepe yawo yeniyeni. Anatembenuka kamodzi, kawiri, kachitatu kagiya kaja n'kukola waya wa ku jenereta. Phwii! Waya duu, zokuzira mawu zii. Eni ake chagada, miyendo m'mwamba, chipewa uko.

Bwalo lonse linawira, ena akufuna kuwamenya. Amuna makumi angapo anali ataima zipewa zili m'manja, ena atadikira chaka chathunthu, ndipo popanda nyimbo chipewa sichiperekedwa.

"Ndani waitana chinyau kuno?" anatero a Fositino. "M'chotseni!"

Ine ndinamva chisoni, sindinama. A Zakeyo anadzuka, n'kuzula ndevu yotsala ija, misozi ili lengelenge. Pothawira panalibe. Ndiye mwa manyazi anatsinzina, n'kuchita chimene ankachita tsiku ndi tsiku akamamata machubu. Anaiyamba nyimbo ija pomwe inadukira.

Ana inu, mawu amenewo! Anayamba pansi ngati ng'ombe yaikulu, n'kukwera, n'kuthyoka bwinobwino pakhosi muja mmene amachitira akauboyi enieni. Chizungu chake chinali chopeka, palibe anamvapo liwu, koma tsitsi linatiimirira. Wavayolini anatsika pa lole n'kuima pambali pawo. Wagitala naye anabwera. Anthu amene ankafuna kuwamenya aja anagwirana manja, gule n'kuyambiranso.

Nyimbo ili pakati, a Fositino anatambasula chipewa chawo cha ku Joni. Esinati anachiyang'ana, anati, "Zikomo achimwene, koma chindikulira." Anapita n'kukatola chikatoni chija pafumbi, anachikung'untha, n'kuchivala pamwamba pa duku, polishi akudontha. Nthungululu zake!

A Zakeyo atatsegula maso anangoti kukamwa yasa.

"Mayi, nkhope yanga mwaiona bwinobwino koma?"

"Ndaiona zaka zisanu, bambo. Mukuganiza kuti msika wonsewu malo okazingira zitumbuwa anasowa? Ndinkatsata nyimbo. Inu ndi amene mumachedwa. Tiyeni mukasambe kumaso, ndipo tizitsulo timeneto muvule musanaphe munthu."

Suti ya ukwati wawo ndinasoka ndine. Anakhala limodzi zaka makumi atatu, ndipo mwa ana awo asanu ndi mmodzi, anayi anatengera mphuno ija. Onse amaimba kwaya. Mnzako ukumusekayo, Tiyese, ndi mdzukulu wawo, ndipo dzulo ndinamumva akuimba pa mjigo, atsikana atasiya ndowa zikusefukira. Iwe ndi nkhope yako yosalalayo unali kuti?

Tsiku la ukwati lija a Zakeyo anadziyang'ana pagalasi langa nthawi yaitali, anapukusa mutu, n'kuseka. Mawu amene ananena pamenepo ndi amene mumawamva mpaka lero:

"A telala, ukaipa, dziwa nyimbo."