Fodya wabuluu pakhoma la kalabu

Lolemba

Loweruka likubwerali ndiphunzitsa alimi a kalabu yathu kuno ku Santhe kasankhidwe ka fodya. Chaka chatha mabelo athu anabwezedwa ku okushoni chifukwa chosakaniza magiredi. Chaka chino ayi! Dongosolo: zithunzi za masamba pakhoma kudzera pa pulojekita, manotsi anga pa laputopu, poona ine ndekha.

Laputopu yangayi ili ndi makhadi awiri ojambula zithunzi, laling'ono losamala batire ndi lalikulu ladyera. Pulogalamu yoyala mawindo pa sikirini ndi yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Ndaiika ndekha. Mlembi wa kalabu si munthu wamba.

Pulojekita ndabwereka kwa alamu anga a Mwale. Apereka msangamsanga, uku akumwetulira. Munthu amene anandimana pampu ya njinga! Pali nkhani apa.

Lachiwiri

Ndalumikiza. Khoma lili bii.

Laputopu ikuti pulojekita ikuiona. Pulojekita ikuti sinalandire kanthu. Wina akunama.

Ndawerengawerenga. Akuti khadi laling'ono ndi limene limasonkhanitsa mawindo onse kukhala chithunzi chimodzi, koma pobayira waya wa pulojekita ndi pa khadi lalikulu. Ndiye laling'ono lijambule, lipatsire lalikulu, lalikulu liponye kukhoma. Mitala yeniyeni: wophika wina, wokapereka wina, ndipo sayankhulana.

Owakayikira:
a Mwale
waya (nawonso ndi wa a Mwale)
khadi lalikulu, lili phee kwambiri
fumbi

Lachitatu

Chithunzi chatuluka! Ndangolamula kuti khadi lalikulu likhale mutu wa banja. Koma laputopu yatentha ngati mbaula, batire yatha tiyi asanazizire. Ndabwezera ufumu kwa laling'ono, ndasinthasintha zina, chithunzi chikadalipo. Sindikudziwa chomwe ndakonza. Zimenezinso ndi zokayikitsa.

Mavuto otsala: ndikasuntha tsamba likung'ambika pakati, kumtunda kutsogola, kumunsi kutsalira. Kamuvi ka mausi kakawolokera kukhoma sikaonekanso.

A Phiri, atcheya a kalabu, asuzumira pazenera: "Alembi, zitheka koma?" Akufunsiranji? Wawauza ndani?

Lachinayi

Fodya wabuluu!

Pa laputopu tsamba ndi lofiirira bwinobwino, giredi yapamwamba. Pakhoma ndi labuluu ngati yunifolomu ya kupulayimale. Makhadi aja akusemphana pa mitundu: ili likati kufiira, linzake likumva buluu. Ndiphunzitsa bwanji magiredi, pomwe giredi ndi mtundu?

Ndakwera pachulu kusaka netiweki, ndalembera eni pulogalamu. Wayankha wina. Dzina lake manambala okhaokha, pachithunzi waika mphaka. Akuti: "Kwa ine zikuyenda. Tumizani lipoti la makina anu." Munthu wobisa nkhope akufuna za m'mimba mwa laputopu yanga? Atha kukhala wa kalabu ya ku Wimbe, amene amatichitira nsanje.

Sinditumiza.

Lachisanu

Ndatumiza.

Wamphaka uja wandipatsa mzere umodzi woti ndiwonjezere mu pulogalamu. Buluu watha! Kung'ambika kwatha! Kamuvi kabwerera! Ndayesa kanayi, kanayi konse zayenda. Zikuyenda bwino mopitirira muyeso. Munthu angakuthandize chonchi ulele, osakudziwa n'komwe?

Akazi anga, mayi a Chikondi, akundiona ndikuvina ndekha: "Bambo, bwanji osangonyamula masamba enieni? Chigafa chadzaza." Sakumvetsa chitukuko. Kapena atumidwa ndi achimwene awo a Mwale.

Loweruka

Chipinda chadzaza. Eni minda pamabenchi, matenanti a kuesiteti ataima kumbuyo. Tsamba loyamba pakhoma, lokongola zedi. Ndikulankhula ngati mlangizi wochokera ku boma.

Jenereta yatsokomola kamodzi. Pulojekita yazima, yayakanso. Pulogalamu yaitenga ngati sikirini yachilendo, n'kuyalanso mawindo mwatsopano. Pa laputopu panga pabwera tsamba. Ndikudabwa, manotsi apita kuti?

Ndacheuka.

Ali pakhoma, zilembo zazikulu ngati chikhatho:

"Lankhula pang'onopang'ono, a Phiri sagwira zinthu msanga."
"Pofika pa onyowetsa fodya kuti alemere, USAYANG'ANE a Mwale."

Kenako mayi wina wachifundo wayamba kuwerenga mokweza, kuti akumbuyo asatsalire. Ndikufuna kutseka, kamuvi kasowanso! Ndazula waya. Mochedwa. Matenanti akugwirana mapewa ndi phwete.

Mayi a Chikondi adzuka, amasula kamtolo ka m'chitenje. Masamba! Anawanyamula osandiuza. Awayala pabenchi: ili lapansi, ili lapakati, ili lansonga, ili lawauka musaliphatikize. Anthu akugwira, akununkhiza, akufunsa mafunso mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndikupinda waya.

Lamulungu

A Mwale abwera m'mamawa kudzatenga pulojekita yawo. Sanalowe m'nyumba, mpando akana.

Kutchalitchi a Phiri andigwira dzanja anthu akuona: "Mwa-dzu-ka bwa-nji, a-le-mbi? Ndi-ku-fu-lu-mi-ra?"

Kalabu yagwirizana kuti maphunziro otsala aziphunzitsa mayi a Chikondi. Ine ndizinyamula mabenchi.

Masana ndakweranso pachulu, ndamufotokozera wamphaka zonse, kupatula mawu a manotsi aja. Wayankha mosangalala kuti ndatulukira vuto lenileni, magetsi akaphethira pa makina a makhadi awiri, lomwe palibe analiona. Akonza. Akuti ndimupatse dzina langa alilembe pa mndandanda wa othandiza, dziko lonse liziliona.

Ndakana. Dzina langa lamveka mokwanira sabata ino.