Maliro Opanda Mtembo a Bambo Jeremias

Aliyense kuno ku Mualadzi akudziwa kuti malemu a Jeremias sankapatukira galimoto. Kaya ndi kamiyao yodzaza fodya, kaya ndi shapa yonyamula anthu, iwo ankapalasa njinga yawo pakati penipeni pa msewu, khosi lili njo. Motorisita akaliza buzina mpaka kutopa, a Jeremias ankangoyankha ndi belu kamodzi, osacheuka n'komwe.

A Jeremias ankawayesa oyendetsa galimoto anthu osakwanira. "Munthu wamkuluwe, kuyenda ulendo wonse uli khale pampando ngati wodwala!" ankatero. "Ntchito yako n'kupha nkhuku za eni basi."

Chidanichi chinali ndi poyambira. Tsiku lina akuchokera ku Misa, atakweza akazi awo a Delfina kumbuyo, kamiyao inawakankhira m'ngalande pokhotera pamsika. A Delfina anathyoka mwendo. Motorisitayo sanaime. Anangotulutsa dzanja pazenera ngati wansembe akudalitsa. Kuyambira tsiku limenelo a Jeremias analumbira kuti pamalo amenewo galimoto izidutsa mokwawa.

Anaunjika dothi, mvula inakokolola. Anaika miyala, apolisi anawachotsetsa ndi manja awo omwe. Kenako nzeru inabwera. Kwathu kuno pakagwa maliro timayala masamba aawisi pamsewu, ndipo wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. M'mawa wina tinangoona masamba a mango ali mbwee pokhotera paja, a Jeremias ali pambali, chipewa m'manja, nkhope yogwa.

Woyamba kukodwa anali Cipriano wa shapa, mnyamata wamatama amene ankatcha apanjinga onse mbuzi za matayala. Anaimitsa galimoto, natsika, nawerama mwaulemu.

"Pepani bambo. Watisiya ndani?"

"Palibe, mwanawe. Koma ukanadutsa monga unadutsira dzulo, akanapezeka."

Cipriano anamenya chitseko mwakuti nkhuku za pamwamba pa shapa zinalira zonse.

Masanawo kunabwera a Aderito, akatekisita athu, thukuta lili kamukamu.

"A Jeremias, maliro si masewera. Mukuitana imfa!"

"Imfa sichita kuitanidwa, aphunzitsi. Imabwera yokha kuchokera ku Tete, ili ndi matayala khumi. Ine ndangoyambiratu kulira."

Ife ogulitsa pamsika sitinadandaule mpang'ono pomwe. Fumbi linaleka kugwera pamchere ndi pa usipa, ana asukulu ankaoloka akusewera, ndipo motorisita woima kudzapepesa ankachita manyazi kuchoka osagula kanthu. Ena mwa ife tinayamba kuwathyolera masamba a Jeremias kunja kusanache bwino.

Koma ngakhale motorisita sapusa tsiku lililonse. Mbiri inafika ku Chifunde, inafika mpaka kumalire. Oyendetsa galimoto anayamba kudutsa akuseka, mitu ili kunja.

"Lero wafa ndani, madala? Ndinu?"

"Mayi ako anabala buzina!" ankakuwa a Jeremias, akuwathamangira ndi nthambi.

Anayesa kubwereka amayi awiri kuti azilira pambali, koma amayiwo anayamba kusekana okha. Anayesa kugoneka mtolo wa udzu atautchinga ndi chitenje, mbuzi zinadya mtembowo anthu akuona.

A Jeremias anamwalira chaka chatha, ndi chifuwa, pamphasa pawo, osati pansi pa tayala monga ambiri ankalosera. Tinayala masamba enieni pokhotera pomwe paja. Nyimbo ili mkati, anatulukira Cipriano pa liwiro lake lonse, naponda masambawo, nakuwa kuti, "Mukawauze a Jeremias kuti tinawatulukira kale!" Fumbi linakuta olira onse ndi bokosi lomwe.

Anyamata anatola miyala, koma a Delfina anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi inasanduka ina. "Musiyeni," anatero. "Womuyankha wagona."

Masiku ano wanjinga akangomva injini patali amadziponya yekha m'tchire, thumba la chimanga uko, iye uko. Katundu wathu timavundikira ndi mapepala. Timakambirana zounjikanso dothi mvula ikatha, ndipo mwina tidzachitadi. Koma Lamulungu lililonse a Delfina amaima nthawi yaitali m'mbali mwa msewu ndi ndodo yawo, kudikira mpata woti aoloke kupita ku Misa, magalimoto akungodutsa.